Famase ya ku Limbe yomwe inakana kundigulitsa tramadol

Mankhwala a amayi anga ndimagula pa famase ina yaing'ono ku Limbe. Amene amandifunsa ngati ili bwino ndimawayankha kuti eya, koma musapiteko ndi maganizo oti ndalama zanu ndizo zilamule. Chiphaso cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, anachipachika pakhoma poti aliyense aone. Mkati ndi mozizira bwino, mankhwala saombedwa ndi dzuwa ngati aja amayalidwa pachiguduli mumsika, ndipo asanakukulungire amakuonetsa tsiku lomwe adzathere mphamvu.

Amayi amavutika ndi mawondo komanso msana. Atabuula usiku wonse, alamu anga anati ndikawagulire tramadol, mankhwala amphamvu opha ululu, poti kwawoko anyamata ena amamwa ndipo samva kutopa. Mayi wa pakauntala anayamba wandifunsa kabuku ka kuchipatala. Anatsegula, naona kuti adokotala sanalembemo tramadol, ndiye anakana mwaulemu koma osagwedezeka.

"Achemwali, kwa munthu amene wangochitidwa opaleshoni, ameneyu ndi mankhwala. Kwa mnyamata womwa anayi m'mawa kuti mutu uziyandama, ndi ozunguza bongo. Piritsi ndi lomwelo. Nanga amayiwo wawayeza ndani?"

Anandifotokozera osathamanga, ngakhale kumbuyo kwanga kunali mzere. Tramadol amagwira ntchito mu ubongo mofanana ndi morphine. Kwa okalamba amachititsa chizungulire mpaka kugwa, amadzimbitsa, ndipo akachuluka munthu amatha kukomoka ngati wakhunyu kapena kupuma mobanika. Thupi likamuzolowera, tsiku loti wasowa munthu amatuluka thukuta, kunjenjemera, tulo osabwera. Morphine yemweyo, amene odwala khansa amalandira ku kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queens kuti ululu uchepe, amachokera ku chomera chimodzi ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin. Wina amamwa mlingo woyezedwa, pa ola lake, namwino akumuyang'anira. Winayo amadziyezera yekha, ndipo mawa afuna wochulukirapo.

Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, yemwe ndi wa gulu la morphine, nawonso pano sakhala poti ungoloza n'kulipira. Ine ndikugwirizana nazo kwambiri. Ku Nigeria boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala amenewa mu 2018, achinyamata atayamba kumwa mabotolo athunthu. Ndili ndi ana aamuna awiri, ndipo sindikufuna sitolo yomwe ingawagulitse botolo lotere chifukwa choti atsokomola kamodzi pakauntala.

Chomwe ndinagomera nacho n'choti ngakhale Panado sanangondiponyera. Anandiuza kuti munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, apo ayi chiwindi chiwonongeka, ndipo kwa agogo ochepa thupi mlingo umatsika. Nditatchula Bufen anafunsa ngati amayi ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena BP. BP ali nayo, choncho anati tisiye kaye mpaka adokotala awaone. Ndinatuluka ndi Panado ndi mafuta opaka, kamwedwe atalemba ndi cholembera pakaenvelopu m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu zoti amayi awerenge okha.

Zodandaula zilipo. Mitengo ndi yokwera poyerekeza ndi magolosale a kwathu. Benchi ndi imodzi, moti kumapeto kwa mwezi okalamba amaima nthawi yaitali. Chachikulu n'chakuti mafunso onsewa amafunsira pakauntala pomwepo, anthu ali phee kumvetsera. Munthu wa matenda obisika sangamasuke, ndipo ndikuopa kuti ena amabwerera n'kukagula kumsika komwe safunsidwa kanthu. Kachipinda kapadera, ngakhale katani chabe, kangathetse zimenezi.

Mukamapita tengani kabuku ka wodwalayo ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa kale, ndipo mupite m'mawa anthu asanachuluke.