Etymonline ndi mbiri ya mawu akuti stomach

Online Etymology Dictionary, imene ambiri amangoitchula kuti Etymonline, ndi dikishonale ya pa intaneti imene Douglas Harper wa ku Pennsylvania, m'dziko la America, anayambitsa m'chaka cha 2001. Ntchito yake ndi kufotokoza kumene mawu a Chingerezi anachokera komanso nthawi imene anayamba kupezeka m'zolembedwa, ndipo munthu amawerenga popanda kulipira, ngakhale kuti zotsatsa malonda zimasokoneza maso pa foni. Ubwino ndi zofooka zake zikuoneka bwino pa mawu akuti stomach, amene amatanthauza chifu.

Dikishonaleyi ikusonyeza kuti mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, chimene chinawatenga ku Chilatini stomachus, ndipo Chilatinicho chinabwereka kwa Agiriki. Kwa Agiriki akale, stomakhos unali m'mero, njira imene chakudya chimadzera, ndipo muzu wake ndi stoma, kutanthauza kamwa. Choncho dzina limene linayambira pakamwa linatsetsereka mpaka kukafika pa chifu, ndipo kenaka linayamba kutchulanso mimba yonse monga imaonekera kunja. Wophunzira sayansi apindulapo, chifukwa timabowo ta pa masamba a zomera totchedwa stomata tili ndi muzu womwewo, ndipo dikishonaleyi imalumikiza mawu apachibale moti munthu amangodina n'kupitirira.

Gawo limene ndikuliona lopindulitsa kwambiri ndi la matanthauzo osakhudza chakudya. Aroma ankagwiritsa ntchito stomachus ponena za zimene munthu amakonda, zimene zimamunyansa, kunyada ndiponso mkwiyo, popeza anthu akale ankakhulupirira kuti maganizo otere amachokera m'chiwalo chimenechi. Chingerezi chinatengera zimenezo, moti m'zaka za m'ma 1500 mneni wochokera ku mawuwa ankatanthauza kukhumudwa ndi chinthu, koma pofika m'zaka za m'ma 1600 anayamba kutanthauza kupirira chinthu chosakondweretsa, monga mmene amagwirira ntchito lero. Mphunzitsi wa Chingerezi amene ana amamufunsa chifukwa chimene dzina la chifu limasandukira mneni wa kupirira adzapeza yankho logwira mtima pamenepa. Tikuuzidwanso kuti Angerezi anali ndi mawu awoawo otanthauza chifu akuti maga, amene anasanduka maw, ndipo ndi apachibale ndi Magen a m'Chijeremani.

Chofooka chachikulu n'chakuti zonsezi zapanikizidwa m'ndime zazifupi zodzaza ndi mawu achidule monga 14c., amene wowerenga watsopano ayenera kuzolowera kuti akutanthauza zaka za m'ma 1300, osati za m'ma 1400. Komanso nthawi zambiri sipakhala ziganizo zakale zosonyeza mmene tanthauzo lililonse linkagwirira ntchito, zimene dikishonale yaikulu ya Chingerezi yotchedwa Oxford English Dictionary imapereka mochuluka kwa amene alipira kapena amene sukulu yawo inawalipirira. Chaka chimene Etymonline imapereka pa mawu kapena tanthauzo lililonse ndi cha zolembedwa zakale kwambiri zimene zinapezeka, osati nthawi imene anthu anayamba kuyankhula mawuwo, ndipo ophunzira amafunika kukumbutsidwa zimenezi.

Kwa aphunzitsi, omasulira ndi ophunzira a ku sekondale Etymonline ndikuivomereza ndithu, koma amene akulemba kafukufuku wa ku yunivesite aigwiritse ntchito poyambira chabe, kenaka akatsimikizire zaka ndi matanthauzo m'dikishonale yaikulu.