Foni yoiwala maonekedwe amene ndinasankha

Mlamu wanga wa ku Bangula wandifunsa ngati foni imene ndinagula pa Nchalo chaka chatha ndi yoti nayenso agule, ndipo yankho lake silikukwana mu uthenga umodzi. Batire imasunga moto tsiku lonse, netiweki imagwira ngakhale kudimba, ndipo kamera imajambula malisiti moti nkuwerengeka.

Chimene chanditopetsa ndi maonekedwe a sikirini. Popeza ndimawerenga usiku, ndinasankha maonekedwe akuda, amene anabwera ndi Android 10, pulogalamu yoyendetsa foni, mu 2019, ndiponso ndinakulitsa zilembo. Foniyi imasunga zimenezi pokhapokha ngati siinazime. Kuno kuchigwa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo foni ikatentha m'thumba imazima yokha. Ikayaka, sikirini imabwerera kuyera kwake ndipo zilembo zimachepanso. Munthu uli m'neti, magetsi atazima, kuwalako kumakuthobwa m'maso, kwinaku tizilombo tikuunjikana pa neti pamene pali foni. Masamba a pa intaneti nawonso ankaiwala zimene ndasankha pafupifupi m'mawa uliwonse, ngakhale foni isanazime.

Nditabwerera kwa wogulitsa, anangoti, "Achimwene, imeneyi ikufunika kuflasha." Kuflasha ndi kuikamonso mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni. Anandilipiritsa ngakhale kuti foniyo inali isanathe chaka, zithunzi zanga zinafufutika, koma vuto linakhalapobe. Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza mafoni pa Ngabu, yemwe anapeza kuti m'foni muli pulogalamu yoyeretsa imene inkafufuta ma cookies, timafayilo timene masamba ambiri amasungiramo zosankha za wowerenga. Ataiyimitsa, masamba anayamba kukumbukira, ngakhale kuti maonekedwe a foni yeniyeniyo amasinthabe ikazima ndi kutentha. Iyeyo ndi amenenso anandifotokozera kuti maonekedwe akuda amapulumutsa batire pa sikirini za mtundu wa OLED, zimene zimazimitsa kuwala pamalo akuda, pomwe yangayi ndi LCD, imene nyali yake ya kumbuyo imayakabe kaya sikirini ndi yakuda kaya yoyera. Wogulitsa uja anali atandiuza kuti ndidzatchaja mwa apo ndi apo chifukwa cha mdimawo, ndipo zimenezo zinali zongokometsera malonda.

Masiku ozizirira a mu Juni ndinkaiyamikira foniyi ndipo ndikanauza aliyense kuti agule. Kutentha kutabwerera, ndimalakalaka nditaigulitsa. Kunena zoona, pa mtengo wake ndi foni yabwino, ndipo yokhala ndi sikirini ya OLED sindikanaikwanitsa. Alamu ndawauza kuti agule ngati ndalama zawo zikulekezera pomwepo, koma apite kusitolo ina, ndipo asachoke wogulitsa asanalembe pa lisiti kuti foni ikavuta chaka chisanathe adzaikonza osalipiritsa. Ndalama ya kuflasha ija ndinaifunsa, ndipo mpaka lero wogulitsa uja akungondiuza kuti abwana awo sanabwere kuchokera ku Blantyre.