Njira zitatu zodziwira kuti foni yayankhidwa, ndi imene ndimaikhulupirira

Aliyense woyang'anira mafoni a pa ofesi kapena pa hotelo, komwe foni iliyonse yoimbidwa imalipiritsidwa, amakumana ndi funso lakuti nthawi yolipira iyambire pati. Foni ikadali kulira mbali inayo woimba sayenera kudulidwa ndalama, choncho makina amafunika chizindikiro chotsimikizira kuti munthu wanyamuladi.

Njira yakale ndi yotembenuza magetsi a pa laini. Pa mawaya awiri a kopa, eksichenji, makina a kampani ya mafoni olumikiza malaini, imasinthanitsa mbali ya positive ndi ya negative wolandira akangoyankha, ndipo makina a woimba amayamba kuwerenga pomwepo. Njirayi ndi yodalirika chifukwa chizindikiro chimachokera ku eksichenji, koma malaini ambiri wamba sachipereka pokhapokha kampani ya mafoni itachitsegula. Ku Germany ankatumiza pa waya kaphokoso ka 16 kHz pa yuniti iliyonse yolipira, ndipo kamita ka kasitomala kankangowerenga.

Kumene chizindikirochi kulibe, makina amangoyerekeza, ndipo njira imeneyi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Ena amadikira masekondi angapo, mwachitsanzo 30, kenako amaona ngati foni yayankhidwa, kotero mlendo amene wadikira nthawi yaitali popanda womuyankha amalipira chabe, pamene amene walankhula mwachidule salipira konse. Ena amamvetsera kuti kulira kwasiya ndipo mawu amveka, koma uthenga wojambulidwa wonena kuti nambala sikupezeka umawapusitsa mosavuta. Ngakhale Asterisk, pulogalamu imene maofesi ambiri amadalira, ikalumikizidwa ku laini ya kopa imatenga foni ngati yayankhidwa ikangomaliza kuimba manambala, pokhapokha mutaiuza kuti idikire kutembenuka kwa magetsi.

Njira ya digito imalekanitsa mawu ndi mauthenga oyendetsera foni. Pa ISDN, mtundu wa malaini a digito a mafoni, uthenga wa kuyankha ndi CONNECT, pa SS7, njira imene maeksichenji amatumizirana mauthenga, ndi ANM, pamene pa SIP, njira yoyendetsera mafoni a pa intaneti imene malamulo ake alipano analembedwa m'chikalata cha RFC 3261 mu 2002, uthenga wa 180 umasonyeza kulira ndipo 200 OK ndiye amatsegula malipiro. N'chifukwa chake mumamva uthenga wakuti foni yazimitsidwa koma mayunitsi osadulidwa, popeza uthenga wa kuyankha sunatumizidwe, pamene voicemail ikayankha mumalipira, pakuti kwa netiweki kumeneko n'kuyankha.

Njirayi ndi imene ndingasankhe, ngakhale kuti nayonso ili ndi pobisalira akuba. Foni yopita kunja imadutsa m'makampani angapo apakati, ndipo wosakhulupirika amatha kutumiza 200 OK msanga n'kumakumvetserani kulira kojambulidwa ndalama zikudulidwa, chinyengo chimene akatswiri amachitcha FAS (False Answer Supervision, chizindikiro chabodza cha kuyankha). Mukaona wotchi ya pa foni yayamba kuyenda kulira kusanathe, lembani nambalayo ndi nthawi yake, ndipo muipereke kwa amene amakugulitsani laini kuti afufuze njira imene foniyo inadzera.