ThinkPad T480 ya kaunjika: ndemanga ya munthu wokhala kumene magetsi amabwera usiku

Laputopu imeneyi ndakhala nayo kuyambira nyengo yozizira ya chaka chatha, ndipo ndalama zanga sizinapite m'madzi. Ndi Lenovo ThinkPad T480 yotuluka mu 2018, yomwe inayamba yatumikira mu ofesi ina kunja isanafike pa shelefu mu Harare muno. Anyamata olemba mapulogalamu amaitama kwambiri pa intaneti. Amati kiyibodi yake ndi yokoma kulembapo, amati imatseguka mosavuta, amati Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, imayendamo bwinobwino. Zonsezo n'zoona. Koma chimene chandikhutiritsa ine kuno ku Mufakose ndi chinthu chomwe iwo amangochitchula podutsa, mabatire ake awiri.

Ntchito yanga si yapamwamba. Ndimakonzera amalonda mawebusayiti ang'onoang'ono, ndimapanga timapepala totsatsira malonda, komanso ndine mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro, la mabanja ochokera ku Malawi. Mayina a mamembala, zopereka za mwezi ndi mwezi, amene ali ndi ngongole, zonse zili m'makina amenewa. Ndiye ndimafuna chinthu choyaka nthawi imene ndachifuna, osati nthawi imene soketi yafuna.

Wokhala mu Harare sachita kuuzidwa. Madzi akatsika ku damu la Kariba lopangira magetsi, monga zinalili kumapeto kwa 2022 komanso pa chilala cha 2024, magetsi amathima kusanache n'kudzabwera anthu atagona kale. Anzathu otama zipangizo aja ambiri amakhala kumene soketi siuma, choncho amakangana za liwiro la purosesa ndi kuwala kwa sikirini. Ife timayamba tafunsa kuti chinthucho chifika nafe nthawi yanji masana.

T480 ili ndi batire lina m'kati, la 24Wh (Wh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), ndi lina kunsi lomwe umachotsa ndi zala pokankha timaloko tiwiri. Lakunjalo limapezeka la 24Wh, la 48Wh ndi la 72Wh. Lenovo amatcha dongosolo limeneli Power Bridge, ndipo ubwino wake ndi woti ungachotse batire lakunja n'kuikapo lina laputopu ili chiyakire, bola lam'katilo likhale ndi moto. Lam'katilo lili ngati chikuni chosunga moto pamene wapita kukatola nkhuni zina. Ine ndili ndi akunja awiri, laling'ono lomwe inabwera nalo ndi lalikulu la 72Wh lomwe ndinagula padera. Lalikululo pamodzi ndi lam'kati ndi 96Wh akakhala atsopano. Usiku magetsi akabwera ndimayamba kutchaja lalikulu, kenako ndimasintha. Ndikachepetsa kuwala kwa sikirini n'kumangolemba ndi kuwerengera, ndimagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osayang'ana kukhoma.

Pa msonkhano wina wa bungwe, m'holo ya tchalitchi mopanda magetsi, tinali pakati powerenga mayina a amene sanapereke miyezi itatu pamene makina anachenjeza kuti moto watsala pang'ono. Ndinaitembenuza chafufumimba pa tebulo, n'kukankha timaloko tija, kusolola batire, kulowetsa lina, n'kuitembenuzanso. Dzina lomwe tinaimira linali pomwepo. A tcheyamani athu, bambo achikulire omwe anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, mwachotsa batire chinthu chili moyo?"

"Eya bambo, chili ndi lina m'mimba."

"Ndiye pitirizani, anthu angongolewa amaganiza kuti apulumuka."

Batire lalikululi lili ndi zovuta zake. Limatuluka kunsi, ndiye laputopu imakwera kumbuyo ndipo imalemera ndithu m'chikwama, makamaka ukapanikizana m'kombi (minibasi) yochokera pa siteji ya Copacabana m'tauni madzulo. Polemba kupendekekako kumathandiza manja, koma m'kachikwama kopyapyala silowa. Chovuta chenicheni ndi msika. Mabatire oyambirira a makina a 2018 akusowa, ndipo ambiri olembedwa 72Wh m'tauni ndi ongofanizira. Ena amagwira bwino, ena pakangopita miyezi yochepa amagwa kuchoka pa 40 peresenti kufika pa ziro mosachenjeza. Chizindikiro pa pulasitiki sichikuuzani kanthu. Liikeni m'makina pomwepo pa kauntala muone chimene makinawo akunena.

Apa ndiye pofunika kufatsa, chifukwa kaunjika ndi kaunjika. Yanga ndinaigula m'kasitolo kena mwa timasitolo togawa ndi magalasi ta m'tauni, pa madola 230 a America, ndalama m'manja. Mnyamata wogulitsayo analumbira kuti mabatire onse ndi atsopano. Ndinamupempha andilole ndilembe lamulo limodzi. Pa Windows mukatsegula Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport, makina amatulutsa lipoti losonyeza mphamvu imene batire linapangidwa nayo ndi imene likutha kusunga panopa. Lam'kati linasonyeza kuti latsala ndi theka. Mnyamata uja anaseka, nati, "Mudhara (madala), inu ndinu ovuta," kenako anapita kuseri n'kubwera ndi ina yomwe lipoti lake linali labwinopo. Sindinamukwiyire. Mwina nayenso anangouzidwa ndi amene anamupatsa katundu.

Musachoke pa kauntalapo musanalowe mu BIOS, momwe mumasinthira makonzedwe a makina Windows isanatseguke. Mukayatsa, dinani F1. Makina ambiri otere anali a makampani, ndipo ena amabwera ali ndi pasiwedi ya woyang'anira yomwe wogulitsa saidziwa. Pa ThinkPad za zaka zimenezi pasiwedi imeneyo sichoka pongochotsa kabatire ka wotchi. Laputopu imayaka bwino, Windows imatseguka, koma tsiku lomwe mudzafune kusintha kanthu mudzapeza chitseko chokhoma. Yokhoma isiyeni ngakhale mtengo atsitse motani.

Onaninso purosesa. Anthu amanena ngati T480 iliyonse ili ndi Intel ya m'badwo wa 8, koma zilipo zina za m'badwo wa 7, monga i5-7200U ndi i5-7300U, zomwe zili ndi ma core (timitu togwira ntchito m'kati mwa purosesa) awiri okha. Zofunika ndi zoyamba ndi 8, monga i5-8250U, i5-8350U, i7-8550U kapena i7-8650U, zonse za ma core anayi. Nkhani si liwiro lokha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa mndandanda wake wa mapurosesa oyenera Windows 11, awiri a m'badwo wa 7 aja palibe. Yanga ndi i5-8350U. Za i7 sindinaone chifukwa cholipirira zambiri, poti pa ntchito ngati yanga kusiyana kwake sikumveka.

Sikirini ndiye pamene mtima wanga sunakhazikike. Makina amenewa ankatuluka ndi masikirini osiyanasiyana, ndipo maofesi ambiri ankaitanitsa yotchipa ya 1366x768. Yanga ndi imeneyo. Mitundu yake ndi yofuwirira, ukangopendeka mutu pang'ono chithunzi chimasintha, ndipo pakhonde masana umachita kutsinzinira kuti uone. Pa mabuku a bungwe palibe vuto. Pa timapepala totsatsira malonda, kufiira komwe ndimaona pano sikumene kumatuluka kosindikiza, moti ndimayamba ndatumiza chithunzi pa foni kuti ndione mtundu weniweni. Ngati mwapeza ya 1920x1080 ya IPS, mtundu wa sikirini yosasintha chithunzi ukapendeka mutu, wonjezerani ndalama mutenge imeneyo. Masipika ndi ofooka, kamera ndi ya 720p, yokwanira kuti agogo ku Dedza akuzindikireni nkhope basi.

Potchaja imagwiritsa ntchito USB-C, ndipo kwa ife ichi ndi chuma. Chaja chake ndi cha 65W, koma pawabanki yotulutsa 20V kudzera mu Power Delivery, njira yotchajira zipangizo pa USB-C, imaitchaja. Pogula pawabanki musatengeke ndi manambala akuluakulu a mAh. Yolembedwa 20,000mAh pa 3.7V ndi 74Wh, ndipo gawo lina limatayika ngati kutentha posintha mphamvu, choncho imene imafika m'laputopu ndi yocheperapo. Chingwenso chili ndi malire. Zingwe wamba za USB-C zimanyamula 3A, kutanthauza 60W pa 20V. Zimenezo zimakwanira, koma tizingwe ta pa msewu totchajira foni tina sitifika n'komwe pamenepo. Amene muli ndi batire la sola la 12V kunyumba, funani chaja cha m'galimoto chomwe chimakweza mphamvu kufika pa 20V. Mukatero simudutsanso mu inveta, yomwe imakweza moto kufika pa 230V kuti chaja chiutsitsenso, uku ikudya gawo lake. Madoko a USB-C alipo awiri kumanzere ndipo onse amatchaja. Ayeseni onse awiri pogula, mugwedezeko chingwe pang'ono, chifukwa ndi omatiridwa pa bolodi ndipo kukonza kwake si kwa aliyense. Lina mwa awiriwo ndi la Thunderbolt 3, ndipo Lenovo anatulutsa firmware, kapulogalamu koikidwa m'kati mwa chipangizocho, yokonza vuto lomwe linkaliwononga pa makina a zaka zimenezo. Mukangofika nayo kunyumba, ikani imeneyo musanachite china.

Pali langizo lina lotchuka lomwe ine sinditsatira nthawi zonse. Akatswiri aja amati batire lizilekezera pa 80 peresenti kuti likhalitse, ndipo ThinkPad imalola zimenezo kudzera mu pulogalamu ya Lenovo Vantage pa Windows kapena ya TLP pa Linux. Ndi nzeru ndithu, poti batire la lithiamu limakalamba msanga likamakhala lodzaza nthawi zonse. Koma munthu amene sakudziwa kuti magetsi abweranso liti sangataye gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku lake la ntchito. Miyezi imene magetsi akhazikika ndimaika malirewo. Kuthimathima kukayamba ndimawachotsa, lidzaze mpaka pakamwa. Chimene sindiphonya ndi kuzula chaja kukhoma magetsi akathima, chifukwa amabwera ndi ukali nthawi zina, ndipo m'dera lathu mawailesi ndi mafiriji apsa angapo.

Kutsegula n'kosavuta monga amanenera. Zomangira za kunsi sizigwa, zimatsalira pa chivundikiro, ndipo buku lokonzera makinawa lili pa webusayiti ya Lenovo kwaulere. Musanatsegule, thimitsani batire lam'kati mu BIOS. M'katimo muli malo awiri a RAM (memori yogwirira ntchito) ya DDR4, palibe yomatirira pa bolodi. Yanga inabwera ndi 8GB, ndinawonjezera ina kukhala 16GB, ndipo msakatuli analeka kutsamwa ndikatsegula masamba ambiri. Mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake ndi fumbi lili paliponse mvula isanagwe, fani inayamba kulira ngakhale ndikungolemba. Ndinapeza fumbi lomatana ngati thonje pa zitsulo zotulutsira mpweya. Nditalichotsa ndi kaburashi n'kupaka phala latsopano loziziritsira purosesa, inakhala chete. Ndinaikamo Linux Mint pambali pa Windows, ndipo Wi-Fi, mabatani a kuwala ndi kachofiira ka pakati pa kiyibodi kogwira ntchito ya mausi zonse zinagwira popanda kusakasaka madiraiva. Kachofiirako sindinakazolowere mpaka lero, ngakhale eni ake amakakonda ngati mwana.

Popeza ndayamba, nditchuleko zina zomwe zimatamidwa limodzi ndi laputopuyi. Mphwanga ali ndi Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono ya bolodi limodzi, yomwe ankafuna ikhale seva ya mafayilo kunyumba. Ndi kabolodi kanzeru, koma kalibe batire, ndipo magetsi akathima kali pakati polemba, khadi la microSD limatha kusokonezeka. Pokawonjezera chaja choyenera, kabokosi, choziziritsira ndi batire lapadera, ndalama zimayandikira za laputopu yakale yomwe ili kale ndi zonsezo, sikirini ndi kiyibodi zomwe. Kiyibodi zolira zija, zomwe amati zamakaniko, ndi za anthu okhala ndi chipinda chawochawo chogwiriramo ntchito. Ine ndimagwira ntchito usiku ana ali mtulo kuseri kwa katani. Chomwe chili choyenera kugula limodzi ndi laputopu ndi ka UPS kakang'ono ka rauta, kabatire koisunga yoyaka magetsi akathima, kotulutsa 9V ndi 12V. Kanga kalibe dzina lodziwika ndipo manambala a pa bokosi lake ndi okokomeza, koma kamasunga intaneti maola angapo, ndipo popanda iko mabatire onse aja akanangondipatsa makina oyaka opanda netiweki.

Wofuna masewera olemera kapena kukonza mavidiyo aatali ayang'ane kwina, chifukwa T480 zambiri zili ndi zojambulira za Intel UHD 620 zokha. Ndipo posankha pa shelefu, werengani bwino dzina lomwe lili pansi pa sikirini. T480s, ya chilembo chowonjezera kumapetoko, ndi yopyapyala, yopepuka ndi yokongola, ndipo ogulitsa amaiyamba kukuonetsani. Ili ndi batire limodzi lokha lam'kati ndipo gawo la RAM yake ndi lomatirira. T490 yomwe inabwera pambuyo pake nayonso ilibe batire lochotsa. Itembenuzeni muone kunsi. Ngati palibe timaloko tiwiri, si imene ndikunenayi.