Ulendo wolipira wokaona malo a nkhondo ku Mangochi: galimoto yabwino, nkhani yoperewera

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za dalaivala ndi chambo.

Tinagona pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay. Eni ake amagulitsa ulendo wa theka la tsiku wokaona malo okumbukira nkhondo pa boma: galimoto, wokuperekezani, zoziziritsa kukhosi ndi nkhomaliro, zonse pa mtengo umodzi. Mtengowo si wamasewera, koma ndinalipira chifukwa cha apongozi anga aamuna. Miyendo inayamba kuwavuta, komanso agogo awo anagwira mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye ankafunitsitsa kuona malowa.

Pa mayendedwe palibe chodandaula. Galimoto inafika nthawi yake, yaukhondo, madzi ozizira ali m'bokosi la ayezi, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Mangochi akumvetsa phindu lake. Dalaivala ankawatsitsa madala powagwira mkono paliponse pomwe taima.

Vuto linayamba pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Nsanjayi ndi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe anamwalira mu 1901, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu ya Hotchkiss. Mnyamata wotiperekeza anangoti, "Agogo, iyi ndi mfuti ya azungu akale, imani apa ndikujambuleni." Basi. Apongozi atafunsa kuti inaombera ndani, iye anati adani. Chikwangwani chokumbukira anthu 145 omwe anamira pa sitima ya Vipya mu 1946 anangochidutsa, tinachita kuchiona tokha. Sindikumunyoza mwanayo, ndi waulemu kwambiri, koma zikuoneka kuti abwana ake anamuphunzitsa kulondera nthawi osati mbiri. Pa nsanja anatifulumizitsa, koma kwa ogulitsa ziboliboli, omwe ankamuitana ndi dzina, tinakhala mpaka madala anapempha mpando.

Nyumba yosungirako zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ili pafupi pomwepo, koma pa ndondomeko ya ulendowu panalibe. Ndinachita kuumirira. Imeneyi ndi ya boma, siyendera phindu, ndipo pakhomo tinapereka kangachepe kuyerekeza ndi zomwe tinasiya ku loji. M'kati anamangamo chofanizira mbali ya kutsogolo ya sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen, komwe kunachokera mfuti ija. Bambo yemwe tinamupeza pa ntchito ndi amene anatimasulira nkhani yonse, osayang'ana pa wotchi. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangolengezedwa, kaputeni Rhoades anapita ndi Guendolen ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kupeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda akuikonza. Anaiombera pomwepo, kaputeni wa Chijeremani asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. Ambiri amati kumeneku ndiye kumenyana koyamba kwa pamadzi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndipo si nthabwala chabe ayi: amene wagwira nyanja ndiye ankatha kunyamula asilikali, ufa ndi zipolopolo kuchokera kuno ku Fort Johnston, monga ankatchulira Mangochi masiku amenewo, kupita kumpoto ku Karonga komwe kunali moto. Kumene sitima yathera, katundu ankakwera pamutu pa anthu.

Apa apongozi anayamba kufotokoza zomwe anamva kwa agogo awo, za kugwidwa usiku ndi amesenjala, za kuyenda osavala nsapato ndi katundu wa boma, za kamwazi. Bambo uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati akatswiri a mbiri amawerengera amtengatenga a dziko lino pafupifupi 200,000, ndi kuti John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kutengera anthu akuda ku nkhondo ya eni miyezi yochepa asanaukire mu Januwale 1915. Mnyamata wathu uja anali atatulutsa foni, akulemba. Ndinamukonda pamenepo.

Tinamaliza ndi manda a asilikali omwe amasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe linayamba mu 1917 ndipo limayendetsedwa ndi ndalama za maboma a mayiko asanu ndi limodzi. Palibe tikiti, palibe wokugulitsani kanthu, miyala ili pamzere ndipo maina akuwerengeka bwinobwino. Madala anawerenga mwala ndi mwala, kenaka anandifunsa kuti, "Nanga onyamula katundu aja analembedwa pati?" Bungwelo linavomereza lokha mu 2021 kuti anthu akuda ambirimbiri omwe anafa pa nkhondoyi sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Pa ulendo woti Mmalawi walipira ndalama zake, nkhani imeneyi siyenera kuchita kuyambitsidwa ndi kasitomala.

Komabe ndisakondere. Malo osayendera phinduwa sakutengani pa loji, sakupatsani madzi, ndipo munthu wamkulu sangayende wapansi dzuwa la masana kuchoka apa kufika apo. Pamenepo wamalonda ali ndi ntchito yake, ndipo amaigwira bwino. Nkhomaliro inali nsima ya chambo chowotcha, chachikulu, chosagona m'firiji.

Kwa eni loji: ikani nyumba ya zinthu zakale ija pa ndondomeko, ndipo mnyamata wanu mumutumize akakhaleko masiku angapo ndi bambo aja. Kwa ofuna kupita: ngati miyendo ili bwino, kwerani minibasi mpaka pa boma, tengani kabaza, yambirani kunyumbako kenaka ku nsanja. Ngati muli ndi okalamba, lipirani galimotoyo, koma mugwirizane musananyamuke kuti kwa a ziboliboli mudzera pomaliza.