Oyeza pansi tisanaboole mjigo ku Lusangazi: ntchito bho, koma lipoti linachedwa

Amene mukufuna kuboola mjigo kuno ku Mzuzu musathamangire kuitana galimoto ya oboola musanayeze pansi. Ife ku Lusangazi tinapeza kakampani kena ka anyamata oyeza nthaka, ndalama yake sinapite pachabe ngakhale pena anandikhumudwitsa.

Anabwera ndi chingwe chachitali ndi tizitsulo tosongoka, amati ma geophone, nkumatizika m'dothi lofiira lija motsatana, kenako wina kumenya chitsulo chophwatalala ndi chihamala chachikulu pomwe mnzake ali pa laputopu kuyang'ana mizere. Anatiuza tonse tiime malo amodzi, kabaza wa njinga yamoto akangodutsa pamsewu ankayambiranso poti kugwedezeka kulikonse kumalowa m'makina. Mkulu wawo anafotokoza bwino zedi kuti kugundako kumathamanga m'thanthwe lolimba koma kumachedwa m'mwala wofumbwa ndi wa ming'alu, ndipo kwathu kuno madzi amakhala mmenemo. Nde makinawo saona madzi ayi, amaona mwala, ndipo ananena zimenezi poyera tisanamulipire. Apa ndi pomwe ndinamukhulupirira, ena akanangoti madzi alipo basi kuti alandire yawo.

Ati nzeru yake ndi yomweyo yofufuzira mafuta ndi gasi, kungoti kumeneko amagwiritsa ntchito zimagalimoto zogwedeza nthaka, panyanja mfuti za mpweya, nkumasanthula mafunde a kugwedezekako akamabwerera kuchokera pansi. Onjenjemera pang'onopang'ono amalowa pansi kwambiri, onjenjemera mwachangu amaonetsa ngakhale miyala yopyapyala koma amafa msanga makamaka akadutsa pomwe pali gasi, nde achanguwo akasowa pansi pa malo ena akatswiri amayamba kukayikira kuti pamwambapo pali gasi. Mukukumbukira mu 2011 boma litapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi, Tanzania nkuyambanso nkhani ya malire? Kufufuza ngati kumeneko kumagwiritsanso ntchito kuyeza kwa mtundu uwu.

Chondipweteka ndi lipoti. Linachedwa mpaka oboola anayamba kundiopseza kuti apita kwa kasitomala wina, oyezawo foni osayankha, litabwera lonse Chingerezi chokhachokha ndi magirafu oti munthu wamba sangamve. Madzi tinawapeza pomwe anakhoma chikhomo, ambiri ndithu. Mukawaitana mugwirizane tsiku la lipoti polemba, komanso mkulu uja abwere yekha tsiku loboola adzauze oboola mamita oti afike.