Filimu ya anyamata athu a ku Rosettenville: nyenyezi 3 pa 5

Filimu ya zaumbanda imene anyamata athu a ku Rosettenville kuno ku Joni akugulitsa pa R50 ndaionera, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe. Ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5. Pa ziwiri zimene ndachotsazo, imodzi ndi ya mawu amene samveka bwino, inayo ndi ya mphindi 20 zomaliza, pomwe anyamatawa anasiya nkhani yathu n'kuyamba kuthamangira za ku America. Koma ola loyambalo, abale anga, sindinaonepo kanema wina amene anajambula Joni wa munthu wopanda mapepala molondola chonchi.

Kagulidwe kake n'kosavuta. Mukalipira amakuikirani mu flash kapena mu memory card, apo ayi amakutumizirani link pa WhatsApp. Ine ndinasankha flash chifukwa data ndi yodula, komanso tinkafuna kuonera pa TV yaikulu. Inatsegula bwinobwino popanda kujemajema, ndipo kutalika kwake ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Tinaonera Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, mu saluni ya achemwali ena, anthu atadzaza mpaka ena kukhala pa makreti a zakumwa. Choncho zimene ndikulemba pano si maganizo anga okha, ndikuuzaninso zimene anzanga ananena, chifukwa mkangano umene unabuka itatha unatenga nthawi yaitali kuposa filimuyo.

Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Ntcheu amene wabwera kudzasaka maganyu kuti mlongo wake amalize Form 4. Akutsika basi pa Park Station miyendo itatupa ndi ulendo wodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Akuimbira amalume ake amene analonjeza kudzamuchingamira, foni ikungoitana osayankhidwa. Akutuluka panja atakumbatira chikwama. Amuna awiri akumuyandikira mosapupuluma. Mmodzi akumukoleka mkono paphewa kuti odutsa aziyesa ndi anthu odziwana, winayo akungokweza malaya pang'ono kuti mnyamatayo aone chimene chili m'chiuno. Palibe wokuwa, palibe nyimbo, mfutiyo sanaisolole n'komwe. Mayi wogulitsa nthochi chapafupi akutembenukira kumbali n'kuyamba kusanja katundu amene anali wosanjika kale. Foni yapita, pasipoti yapita, pamodzi ndi kapepala kamene panalembedwa adiresi ya amalume.

Mu saluni monse munali zii. Kenako agogo ena, telala amene anabwera kuno nthawi ya TEBA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, osabwereranso kumudzi, anangoti: "Ndi mmene zimakhalira, adzukulu. Tsotsi weniweni sakuwa." Aliyense anagwedeza mutu, chifukwa amene sizinamuchitikire, zinachitikira m'bale wake.

Kutsogoloku kuli kachigawo kena kamene kanandikhudza kwambiri. Mnyamatayo waima kutsidya kwa msewu moyang'anana ndi polisi, akufuna kukadandaula kuti amubera. Kamera ikungomuyang'ana kumaso. Maloboti akusintha, anthu akuwoloka, iye osasuntha. Akusinthanso kachiwiri, iye akutembenuka n'kubwerera kumene wachokera. Palibe amene akufotokoza chilichonse, koma tonse tinamva: munthu wopanda pasipoti amaopa kuti akalowa m'menemo ngati wodandaula, akathera ku Lindela, ku Krugersdorp kuja, kukadikira basi yomubweza kumudzi chimanjamanja. Mantha amenewa ndi amene amalemeretsa achifwamba, chifukwa amadziwa kuti munthu wotere angamubere lero ndi mawa lomwe osapita kulikonse. Amene analemba filimuyi anaimvetsa mfundo imeneyi, ndipo nkhani yonse anaimanga pamenepa.

Posowa kolowera, mnyamatayo akupeza pogona m'nyumba ina yosanja ya m'tauni, imodzi mwa zija zinalandidwa ndi zigawenga. Apa napo anajambula zoona. Chipinda chachikulu chagawidwa ndi mabolodi ndi makatani, nthambo za magetsi zikulendewera m'makwerero, madzi akutungidwa pa paipi imodzi pansi, ndipo geti imakhomedwa ndi loko usiku, kiyi n'kukhala ndi wotolera lendi. Loko uja atangooneka, mayi wina anadzuka n'kutuluka panja, sanabwererenso. Tonse tinadziwa chifukwa chake. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Nyumba imeneyo, pa Albert Street, ndi yomwe nthawi ya tsankho anthu akuda ankakatengerako mapasi, ndipo pa nthawi ya motoyo inali itagawidwa timisasa m'kati ngati mmene filimuyi ikuonetsera. Anyamatawa sanatchule za moto umenewu ngakhale pang'ono, ndipo anachita bwino, koma ngati munataya m'bale wanu kumeneko, dziwiranitu kuti gawo limeneli ndi lolemera.

Mkangano waukulu unayambitsidwa ndi mayi ena amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Bedfordview. Filimu itangotha anandiyang'ana n'kunena kuti: "Achimwene, mwaona zimene apanga anawa? Ife tikuvutika kuti anthu atikhulupirire mpaka kutisiyira makiyi a nyumba zawo, iwo akujambula Mmalawi atagwira mfuti." Anakumbutsa za May 2008, pomwe chipolowe chinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 n'kuphedwa, komanso za 2015 pomwe boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Mantha awo ndi akuti wina adzadula kachidutswa ka filimuyi, n'kukaponya pa Facebook kapena pa TikTok, n'kulemba kuti onani zimene alendo akuchita m'dziko mwathu.

Mawu awo sindikuwapeputsa. Mbiri ya Mmalawi kuno, yoti ndi wokhulupirika komanso wolimbikira ntchito, ndi imene imatidyetsa, ndipo inamangidwa ndi anthu ngati mayi amenewa ndi agogo atelala aja. Komabe sindinagwirizane nawo, ndipo ndinawauza pomwepo mwaulemu. Filimuyi sikutamanda umbava. Ikuonetsa mmene munthu wabwinobwino amaterera pang'onopang'ono: lero amutuma kukagula fodya, mawa akutolera lendi kwa anzake, mkuja amupatsa kiyi wa galimoto n'kumuuza kuti angodikira injini ili chilirire. Ndipo mkulu wa gululo si Mzulu kapena munthu wa ku Nigeria monga mmene timakondera kulozerana zala, ndi Mmalawi mnzathu, wolankhula mokoma, womuitana mnyamatayo kuti "mphwanga" kwinaku akumusungira ngongole ya chakudya chilichonse chimene wadya. Amene akumuchitira chifundo ndi gogo wa konkuno wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pakhomo pa nyumbayo. Zimenezi zimachitika, ndipo timazidziwa. Ana athu kumudzi amangoona zithunzi za anzawo atatsamira galimoto za mabwana awo ku Sandton, n'kugulitsa njinga ndi mbuzi kuti apeze ya transport. Ndikanakonda filimuyi ikanaonetsedwa m'ma video show a ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Mzimba munthu asanakwere basi.

Anyamata a ku car wash anali ndi dandaulo losiyana kotheratu. Kwa iwo ola loyambalo likuchedwa, anthu akungoyenda ndi kuyang'anana, ndipo filimu inayamba kukoma pamene zipolopolo zinayamba kulira. Mmodzi anati akanaika kuthamangitsana kwa galimoto pa msewu waukulu wa M1 wa mu Joni muno, wina anati pakanakhala kuphulitsa galimoto yonyamula ndalama. Apa m'pamene ndimasiyana nawo kwambiri, chifukwa gawo limene iwo anakondalo ndi limene linandigwetsa ulesi.

Mphindi 20 zomalizazo zikuchitikira padenga la malo oimikapo magalimoto. Mnyamata amene sanagwirepo mfuti chibadwire mwadzidzidzi akuwombera ndi manja onse awiri kwinaku akugubuduka pansi. Mfutizo n'zapulasitiki ndipo zikuonekeratu, moto wa kukamwa kwake anachita kuikira pa kompyuta, kulira kwake kukumveka ngati mbuliwuli zikuthetheka m'chiwaya. Achimwene ena amene amagwira ntchito ya ulonda anawerenga, akuti mfuti yaing'ono yoteroyo imatenga zipolopolo pafupifupi 15, koma munthuyo anawombera koposa 40 osasintha magazini. Anthu anayamba kuseka pamalo pamene anayenera kulira, ndipo zinandipweteka, chifukwa mnyamata amene akusewera mbali imeneyi ndi waluso zedi. Nkhope yake pa Park Station paja inanena zambiri kuposa zipolopolo zonsezi. Ndalama zikakhala zochepa, kuwomberana ndi chinthu chimene sichibisika kuti n'chonamizira, pomwe mantha a munthu woima pa maloboti safuna ndalama iliyonse kuti awajambule. Anyamatawa anali ndi chinthu chimene mafilimu a mamiliyoni alibe, n'kuchisiya kumapeto kuti atsanzire chimene sangachikwanitse.

Vuto la mawu ndiye lili paliponse. Zikuoneka kuti anagwiritsa ntchito maikolofoni ya pa kamera pomwepo, ndiye panja mphepo ndi mahutala a mataxi zikumiza zolankhula. Pali malo ofunika kwambiri pamene mnyamatayo akuimbira mlongo wake n'kumunamiza kuti wapeza ntchito ya m'munda ku Randburg, ndipo tinachita kubweza kuti timve. M'nyumba mawu akumveka bwinoko, koma nyimbo ikalowa imakwera kuposa anthu, moti mwini saluni anakhalira kukweza ndi kutsitsa. Zithunzi za usiku zina n'zakuda moti sudziwa amene akumenya ndi amene akumenyedwa.

Zina ndi zazing'ono. Gawo limene akuti ndi kumudzi ku Ntcheu, kumbuyo kukudutsa minibasi ya Quantum ya nambala ya GP, ya kuno ku Gauteng, ndipo saluni yonse inakuwa. Ponte, nyumba yozungulira ija ya nsanjika 54 imene inamangidwa mu 1975, akuionetsa mobwerezabwereza pamodzi ndi nsanja ya Hillbrow ndi Nelson Mandela Bridge nthawi iliyonse akafuna kusintha malo, mpaka munthu kutopa nazo. Mkazi wa mnzathu wina, yemwe ndi wa ku Soweto, anati Chizulu cha achifwamba ena chikumvekeratu kuti ndi Amalawi akuyesera, ndipo anadabwa kuti bwanji sanapemphe anzawo a konkuno kuti asewere mbali zimenezo. Ananenanso zoona kuti pakanakhala mawu olembedwa pansi, chifukwa filimuyi ikusakaniza Chichewa, Chizulu ndi Chingerezi, ndipo wa kumudzi adzaphonya theka pomwe wa kuno adzaphonya theka linalo. Achemwali eni saluni anadandaula kuti akazi onse m'filimuyi ntchito yawo ndi kulira kapena kuphika, pomwe azimayi athu kuno ndi amene amalipira lendi ndi kutumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Pamenepo panalibe wotsutsa.

Ndinamva kuti anajambula Lamlungu lokhalokha kwa miyezi yambiri, chifukwa masiku enawo aliyense amakhala kuntchito, ndipo zikuoneka: tsitsi la mnyamatayo likutalika ndi kufupika m'kati mwa tsiku limodzi la nkhaniyo. Zimenezo ndinawakhululukira mosavuta. Kuyenda ndi kamera m'misewu ya Hillbrow ndi Jeppestown kumafuna mtima, chifukwa kamerayo payokha ndi katundu wokopa akuba.

Ngati mukugula, tengani flash ndipo muonere ndi ma earphone kapena sipika yabwino, chifukwa pa sipika ya foni mudzataya zolankhula zambiri. Ana aang'ono asaonere, muli kutukwana ndi magazi. Ndipo chonde lipirani R50 yanu m'malo mopempha mnzanu kuti akutumizireni ulere. Ndaona kale anthu akufunsana m'magulu a WhatsApp kuti amene ali nayo aponye, chonsecho mawa tidzakhala ife tomwe tikudandaula kuti mawu sakumveka. Akuti akukonza gawo lachiwiri. Ndidzagulanso, ndipo pempho langa kwa iwo ndi lakuti ndalama yoyamba kulowa agulire maikolofoni, apeze munthu wolemba mawu apansi, ndipo atiuze za amalume aja, chifukwa mpaka filimu kutha sitinadziwe chimene chinawaletsa kuyankha foni pa Park Station.